Mbiri ya moyo wanga, gawo 4: Buku la m'hokala ya bambo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinayamba sukulu ya pulayimale. Ndisanapitirire, mundilole ndikambeko za bambo anga, chifukwa nkhani yanga singamveke iwo atasiyidwa kunja.

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, komwe msewu wa M1 ndiwo malire: uku Malawi, ukangowoloka phula uli ku Mozambique. Bambo anayamba geni ndi njinga yakapalasa. Ankapikula kachewere ndi kabichi kwa alimi m'midzi, kumanga thumba pa kaliyala, n'kukagulitsa pa msika kwa amalonda obwera ndi malole kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amene anagonako ku Lizulu mu June akuchidziwa chisanu chake. Iwo ankadzuka tambala woyamba, ine n'kumangomva tcheni cha njinga chikulira potuluka pa mpanda. Madzulo ankafika zala zili gwa, n'kuyamba aotha moto kukhitchini kwa mayi asanalankhule ndi munthu.

Mpamba wa hokala unachokera pa njinga imeneyo. Kanali kachipinda kamodzi ka zidina, koma munali mchere, sopo, shuga, machesi ndi palafini wa m'koloboyi. Nthawi imeneyo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inali itafika povuta, ndipo kuyambira cha mu 1986 anthu ambiri a ku Angonia anathawira kwathu. Anali abale athu ndithu, olankhula Chichewa chomwechi. Ambiri ankafika pa zenera opanda ndalama, atanyamula nyemba kapena ufa kuti asinthitse ndi sopo. Bambo ankalandira, ndipo kapu yoyezera inali imodzi yomweyo, kaya ndiwe wothawa nkhondo kaya ndiwe mwana wa amfumu.

Pa shelefu ya pamwamba pankakhala buku lachikuto cholimba lolembamo ngongole. Munthu akabweza, ankadula mzere pa dzina lake iye akuona. Koma tsamba loyamba silinali la munthu wakunja. Pamwamba pake analembapo kuti "Nyumba".

Mayi akandituma, ndinkagwada pakhomo la hokala n'kunena kuti, "Bambo, mayi akuti muwapatseko mchere."

"Tenga, mwanawe, koma ima kaye ndilembe."

Ankalembadi, ndipo akagulitsa za kumunda ankabweza ndalamayo m'kachitini ka hokala ngati mlendo. Kunena zoona zinkandipweteka. Anzanga kusukulu ankati ndife olemera, timamwa tiyi wa shuga tsiku lililonse, pomwe kwathu shuga ankaoneka Lamulungu lokha. Tsiku lina ndinatenga maswiti awiri mobisa. Usiku atawerenga katundu anandiitana, ndipo ndinavomera. Sanandimenye. Analemba dzina langa pansi pa "Nyumba", ndipo ndinabweza potunga madzi othirira kabichi kudimba. Nditamaliza ndinawafunsa misozi ili m'maso, "Kodi bambo, hokalayi si yathu?"

"Ndi yathu," anatero. "Koma chimanga cha mbewu sakazinga."

Ena ankati ndi aumbombo. Ine ndimakana mpaka lero, chifukwa ndinaona zomwe zinachitika pa njala ya 2002. Ndinali nditalemba kale mayeso a Fomu 4, ndili pakhomo. Pofika February chaka chimenecho anthu ankadya madeya, ena kugulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira, ena kudula chimanga chisanakhwime. Mashelefu a m'hokala anatsala mbee, pomwe buku linadzaza mpaka pa chikuto. Amayi okalamba ankabwera kudzapempha kamchere kothira m'ndiwo zamasamba, ndipo sindinawaonepo akubweza munthu chimanjamanja.

Kenaka anafika ana anayi a azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anali atamwalira. Bambo ndiwo anali malume awo, mwini mbumba, choncho panalibe zokambirana. Mayi anangowonjezera madzi mumphika. Nkhokwe itatha, m'mawa wina bambo anatuluka ndi njinga monga mwa masiku onse, n'kuwolokera tsidya la Mozambique komwe chimanga chinkapezekabe. Anabwera dzuwa litalowa, wapansi, atasenza thumba paphewa, mnyamata waganyu atasenza lina pambuyo pawo. Palibe anafunsa za njinga. Mayi anawatenthetsera madzi osamba, kenaka anakhala pa mkeka n'kumawasisita mapazi, onse awiri ali chete.

Chimanga chimenecho chinatifikitsa nthawi ya zitheba ndi maungu, tonse amoyo. Hokala inadzukanso pang'onopang'ono, ndipo asuweni anga awiri anafika kusekondale ndi ndalama za pa zenera lomwelo. Koma bambo sanagulenso njinga. Tikawakakamiza ankati fizi kaye. Zaka zawo zotsala ankapita ku msika wa Lizulu wapansi, katundu wolemera akumukweza pa ngolo ya mnzawo.

Atamwalira, mwambo wa maliro utatha, mayi anatsitsa mabuku onse pa shelefu n'kundipatsa kuti ndiwawerengere, popeza maso awo anali atafooka. Ndinafika pa buku la chaka cha njala, tsamba la "Nyumba". Mchere, palafini, sopo, zonse zinali zodulidwa mzere. Pansi penipeni panatsala mawu awiri osadulidwa: "Njinga, chimanga."

Mayi anandiuza kuti ndiwerengenso. Ndinawerenganso, iwo n'kulandira bukulo, kulikulunga m'chitenje, n'kukaliika m'sutikesi yawo.