Malire a katundu: pa lole ndi pa busa

Lole ikalembedwa matani 16, sikuti onsewo ndi a katundu ayi. Chotsanipo kulemera kwa galimotoyo ili yopanda kanthu, tinene matani 6. Otsala 10 ndiwo a katundu ndi anthu okwera omwe. Mukapyoza, mabuleki amatentha pamtsetse, matayala nkuphulika. Msewu ndiye umavutika koposa: kulemera kwa pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala) kukawirikiza kawiri, phula limaonongeka pafupifupi ka 16.

Busa nalonso lili ndi malire, koma ake amasintha ndi mvula. Ng'ombe ya makilogalamu 250 imafuna udzu wouma pafupifupi makilogalamu 6 patsiku, choncho muziwerengera chilimwe, osati dzinja. Ziweto zikachuluka zimabudula udzu usanaphukenso, nthaka imatsala pambalambanda, mvula yoyamba nkuikokolola. Chaka chamawa busalo limadyetsa ng'ombe zochepa kuposa kale.