Shedi ya kumunda ija, mapolo kapena zitsulo?

Nkhani ya shedi yandisowetsa tulo miyezi iwiri yathunthu. Ndimafuna malo osungira chimanga, soya ndi feteleza kumunda kwathu ku Mitundu, mizati ndi denga basi zipupa tidzaona mtsogolo, mamita 9 mulifupi 15 mulitali kuti ngolo izilowa mpaka mkati.

Bambo anga amangoti iwe usataye ndalama, dula bulugamu wakudimba uja, ife zigafa tamanga moyo wathu onse. Eya nzoona koma chigafa ndi china, denga lake ndi udzu ndi pulasitiki, mphanda ikatha mumangozula nkuika ina. Ndipo ine sindinaiwale chaka chomwe chigafa chawo chinagwa fodya ali mkati, mizati kumtunda ikuoneka bwinobwino koma pansi chiswe chitamaliza kalekale, kuigwira imangofumbutuka mmanja. Iwo nkhani imeneyo safuna kuikamba.

Ndiye ndinapita kwa owotcherera mtauni kuti andipangire kotesheni ya zitsulo zokhazokha. Amayo ine! Chichitikireni devaluation ya 44% ija ya November 2023, pomwe kwacha inagwa mphamvu, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo mapaipi ambiri ndi akunja. Onjezani kuti kumunda kulibe magetsi, ndiye kaya ubweleke jenereta kaya awotcherere mtauni momwemo ulipire lole yonyamula, kuphatikizapo penti yoteteza dzimbiri ya red oxide, ma welding rod, simenti, ndinangopinda pepala lija nkuika mthumba. Koma mkulu uja anali wachilungamo, anandifunsa kuti mukuti muzisungamo feteleza? Mwaiona wilibala yomwe mumanyamulira urea mmene imathera? Akuti chitsulo chiswe sichidya inde, koma dzimbiri limayambira pomwe paja paipi yakumana ndi konkiriti pokhala madzi, makamaka mapaipi opyapyala amasiku anowa, ndipo poti mkati ndi mphako limadya mwakachetechete iwe ukupenta kunja.

Apa mpamene ndinaona kuti ndimafunsa funso lolakwika. Mtengo ufera kuphazi, chitsulo chifera kuphazi komweko.

Mizati ndasankha mapolo othira mankhwala, obiriwira aja, osati opaka oyilo wakuda wa galimoto ayi, oyilo amangokhala pamwamba chiswe chimalowera mming'alu. Koma chenjerani, wina anafuna kundigulitsa mapolo ongowaza mtundu wobiriwira, nditapala ndi mpeni mkati moyera mbee. Enieni mankhwala amalowa ndithu kuzungulira polo yense, pakatikati pokha mpomwe salowa, nchifukwa chake polo ukaidula, mbali yodulayo ipite kumwamba pansi pa malata osati mdzenje. Kalipentala wanga amafuna kudula kunsi kuti zifanane msinkhu, tinakangana mpaka anakwiya. Mmaenje tinayamba kuthira miyala kuti madzi azitsika, konkiriti tinaikweza pang'ono motsetsereka kuti mvula isamadekhe pa polo.

Kudenga ndiye ndagonja, matrasi, mafelemu onyamula denga aja, ndi achitsulo. Mamita 9 opanda mzati pakati, polo imawerama pakapita zaka, ndipo kulumikiza mapolo awiri ndi misomali ine ayi, bulugamu wouma amapinda misomali komanso amang'aluka kumapeto. Matrasi sikisi okha anakwana pa lole imodzi, tinamangira ku mizati ndi mabawuti oboola mbali zonse. Amene anaona madenga akuuluka nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa, shedi yopanda zipupa mphepo imalowa pansi nkunyamula denga lonse, misomali siingaletse.

Bambo anabwera dzulo, azungulira shedi yonse akugogoda mzati uliwonse ndi ndodo yawo, kenako akuti mapolo atatu otsalawo ndiwapatse akaike ku chigafa.