Sabata yathera pa pepala la masamba awiri

Anthu akamva zoti ndimagwira ntchito ku bungwe la maufulu a amayi amaganiza kuti ndimangodya ma alawansi mmahotelo, koma sabata ino yonse yathera pa petishoni ya masamba awiri yopita ku Palamenti. Tikupempha kuti Zimbabwe ivomereze Optional Protocol ya CEDAW, pangano la mayiko lothetsa tsankho kwa amayi. CEDAW yeniyeniyo dziko lino linalowa kale mu 1991, chatsala ndi kachigawo ka 1999 kamene kamalola mayi kukasuma ku komiti ya UN ku Geneva makhoti akwawo onse akamukanika. South Africa, Namibia, Botswana ndi Mozambique anavomereza kalekale. Kwathu ku Malawi anangosaina mu 2000 basi nkusiya pomwepo.

Lolemba ndi Lachiwiri kunali kulemba ndi kufufuta, abwana akuti chepetsa, maloya akuti onjezera, magetsi nawo akuzimazima.

Lachitatu nde tsiku lomwe sindiliiwala. Ndinakwera kombi kupita ku Mabvuku, dera la mu Harare, kukakumana ndi amayi a kutchalitchi, ambiri ndi ana a makolo ochoka ku Malawi ndi ku Mozambique, nde tinayankhula chathu chomwechi osavutika ndi chizungu. Ndisanamalize nkomwe agogo ena anandidula, amvekere mwanawe, ku Geneva ko ndikafika bwanji ine ngakhale ya kombi yopitira mtauni ikundisowa? Funso lachilungamo. Ndinati agogo, simupitako, dandaulo limapita pa kalata ndipo bungwe litha kukulemberani inu mutalola. Kenako ndinawakumbutsa za Venia Magaya, mayi wa konkuno ku Mabvuku amene Supreme Court inamukanira mu 1999 kulowa chuma cha bambo ake chifukwa choti ndi mkazi, nyumba nkupita kwa mlongo wake wamng'ono wobadwa kwa mayi ena. Khoti lalikulu litayankhula panalibenso chitseko choti agogode. Pomwe ku Tanzania amayi awiri amasiye omwe anathamangitsidwa mnyumba ndi achibale a amuna awo anakafika ku komitiyo, mu 2015 inagamula kuti dziko lawo linawalakwira.

Sindinawanamize ayi, komitiyi ilibe apolisi, imangopereka malangizo ndipo boma litha kuzengereza. Komanso malamulo athu anasintha, Konsitichushoni ya 2013 ndiyabwino kusiyana ndi yakale ija. Koma ine ndimakhala pa desiki pomwe amasiye amabwera ndi zovala mu chikwama, ndikudziwa kuti lamulo labwino limatha kugona mu fayilo zaka. Boma likadziwa kuti kunja kuli diso lina limachitako changu.

Anasaina ambiri, ena ndi chala chodinda, agogo aja anayambirira.

Lachisanu tinakasiya petishoni ku Palamenti ku Mount Hampden. Gawo 327 la Konsitichushoni limati pangano la mayiko silimanga dziko lino Palamenti isanavomereze, nde aphungu ndi omwe tikuwasaka mmodzimmodzi. Sabata yamawa ndili ku Epworth, amene muli kumeneko muwauze amayi anu abwere ndi ziphaso.