Ankafuna chipululu, ndinawapititsa ku Chisi

Alendo anga a sabata yatha anali awiri, bambo ndi mkazi wake ochokera ku Germany, pa Land Cruiser ya tenti padenga. Anali atatha miyezi akuzungulira ku Namibia ndi ku Botswana, ndipo galimoto yawo inkachita kuonetsa yokha: fumbi loyera m'makona monse, fosholo atamangirira m'mbali, zigubu za madzi ndi za dizilo kumbuyo. Asanafike ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali cha nyanja ya Chilwa mu 2018, nthaka ili ming'alu yokhayokha mpaka polekezera maso, mabwato atagona chammbali pouma. Pansi pake analemba kuti akufuna kukagona pamenepo, kutali ndi munthu aliyense.

Pa ntchito yathu yotsogolera alendoyi kukwera phiri n'kosavuta. Chovuta n'kumuuza munthu amene watumiza kale ndalama kuti chimene wadzeracho kulibe.

Ndinawauza Lolemba m'mawa titakumana m'tauni ya Zomba. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imangothira, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Nyanjayo ndi yosaya, malo ambiri nsungwi ya mwini bwato imagunda pansi. Ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana, imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma, n'chifukwa chake zithunzi zija zinafala. Koma mvula inabwerera, namondwe wa Freddy anadzathiranso madzi ochuluka mu Malichi 2023. Malo amene anajambulidwawo panopa anthu akuponyapo makoka. Bambo uja anakhumudwa, nkhope inachita kugwa. Ine sindinamupepese. Kwa msodzi wa ku Kachulu chithunzi chimenecho ndi chaka chimene matemba anasowa, ana n'kugona ndi njala, ndipo sindikanayerekeza kudandaula kuti nyanja yadzaza.

Tinagwirizana kuti tiyambe kuphiri la Zomba, kenako titsikire kunyanja n'kuwolokera ku chilumba cha Chisi. Tsiku lonselo linathera pogula zinthu: mpunga, tomato ndi anyezi mumsika waukulu, klorini, mapaketi a Thanzi, shuga ndi sopo zoti tikapereke komwe tikupita. Mayi uja anafunsa kuti shuga wochuluka chonchi ndi wa chiyani. Ndinati adzaona Lachitatu.

Zakuphiri sindichulukitsa, aliyense wa ku Zomba amazidziwa. Lachiwiri tinadutsa pa damu la Mulunguzi, tinaima pa Williams Falls, tinakafika ku Chingwe's Hole kumene akuluakulu amati kale ankaponyako anthu. Pa Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ndinkafuna ndiwaonetse Chilwa ndi Mulanje, koma utsi wa Okutobala unali utaphimba chigwa chonse, nyanja inkangooneka mbuu. Nthawi ino udzu ndi masamba a paini zimakhala zouma kwambiri, choncho lamulo langa ndi limodzi: palibe kusonkha moto pansi, tiphikira pa gasi. Sanatsutse, anazolowera kale.

Chimene chinawadabwitsa ndi anthu. Pakona iliyonse tinkakumana ndi wina: amayi atasenza nkhuni, azibambo akutsetsereka ndi matabwa pamutu, anyamata akuthamangira galimoto ndi timbale ta masitiroberi ndi miyala yonyezimira ya ku Malosa. Madzulo mayi uja anandifunsa ngati ku Malawi kuno kuli malo amene munthu ungayende tsiku lathunthu osaona mnzako. Ndinaseka. Namibia ndi yaikulu pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa dziko lathu, koma anthu ake ndi pafupifupi 3 miliyoni okha. Ife pa kalembera wa 2018 tinali 17.5 miliyoni, ndipo kuno kummwera ndiye kothithikana kwambiri. Uko mlendo amaopa kuti galimoto ikafa palibe amupeze. Kuno galimoto ikafa, mphindi khumi sizikwana anthu okankha adzaza kale, wina akuti ndi batire, wina akuti ndi fyuluta.

Lachitatu tinatsika m'mamawa, kudzera ku Matawale kulowera ku Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kuphiri tinagona titafunda mabulangete, koma pofika kudambo malaya anali atamata pamsana. Tili pafupi ndi gombe bambo uja anaona chidambo chathyathyathya chouma, chakuda, chong'ambikang'ambika, maso ake n'kuwala. Anati tipatukire pamenepo pang'ono, ayambe wachepetsa mpweya m'matayala monga ankachitira pamchenga ku Namibia. Ndinamupempha atsike kaye. Ndinatenga ndodo n'kuyenda naye mapazi angapo, n'kuibaya mumng'alu. Poyamba inalimba, kenako inangolowa yokha mpaka pachigongono changa, potuluka ili ndi matope onanda onunkha. Makande amatero. Ali ngati phala lozizira pamwamba pokha. Kuphwetsa matayala kumathandiza pamchenga chifukwa tayala limatambasuka n'kuyandama, koma pamakande galimoto yolemera chonchija ikaboola chikhungwacho imakhala pamimba, ndipo fosholo imangowonjezera dzenje.

Sanakangane nane. Anati ku Makgadikgadi, ku Botswana, n'chimodzimodzi. Kumeneko kunali chinyanja chachikulu chimene chinauma zaka masauzande zapitazo, panatsala mchere woyera pamwamba, pansi pali matope, ndipo wosiya njira ya anzake amatitimira. Anandionetsa zithunzi za Kubu Island, mulu wa miyala wokhala ndi milambe pakati pa mcherewo. Kunena zoona malowo ndi okongola. Ndinamufunsa kuti pokagona kumeneko anapempha kwa ndani. Anati analipira pa kampu basi.

Apa ndiye panali ntchito yeniyeni ya sabatayi, ndipo siioneka pa chithunzi chilichonse. Galimoto sungangoisiya pagombe n'kumapita. Ndinapita kwa a komiti ya pagombe, tinakhala pabenchi, tinafunsana za kunyumba, za mtengo wa matemba, za mphepo ya masiku ano, kenako m'pomwe ndinatchula za galimoto. Anandipatsa munthu woti aigonere, pakhomo podziwika. Za bwato nazonso zinatenga nthawi, chifukwa mwini wake ataona azungu mtengo unakwera pomwepo.

"Achimwene, inu ndi ine tionananso mwezi wamawa, awa sabweranso," ndinatero.

"Ndiye n'chifukwa chake alipire lero, achimwene," anayankha.

Tinaseka, tinakumana pakati. Alendo anga nthawi yonseyi anali ataima padzuwa akuyang'ana wotchi, osamvetsa kuti chikuchedwetsa n'chiyani pamene bwato lili pomwepo.

Tinadutsa m'kanjira ka pakati pa njedza, mnyamata akukankha ndi nsungwi, mpaka potakasuka pomwe analiza injini. Madzi a Chilwa ndi otuwa, dzanja ukaliviika silioneka. Mbalame zinali mbwee, akakowa, atsekwe, vuwo ali yekha patali. Mayi uja anatulutsa buku lake la mbalame n'kuiwala za wotchi. Ndinamuuza kuti nyanjayi inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 1997, yoyamba m'Malawi muno, komanso kuti David Livingstone anafika kuno mu 1859 asanaione n'komwe nyanja ya Malawi.

Ku Chisi, dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira, sitinakhudze tenti tisanaonekere kwa amfumu a mudzi womwe tinafikira. Ndinawauza alendowo avule zipewa ndi magalasi akuda, mayi uja amange chitenje chomwe ndinamuuza kuti agule Lolemba. Anatiyalira mphasa. Ine ndinakhala chonjuta n'kuwomba m'manja.

"Amfumu, tabwera ndi alendo anuwa. Akupempha pogona masiku awiri, aone nawo dziko lanu."

Amfumuwo anawayang'ana kwa kanthawi. "Nyumba zilipo. Akagona panja alakwa chiyani?"

Zinanditengera nthawi kufotokoza kuti anthuwa kugona panja n'kumene adzera, ndipo amachita kulipira kuti agone panja. Amfumu anapukusa mutu, anthu amene anali pabwalo anafa nalo phwete. Kenako analoza malo pansi pa mtengo, kuseri kwa nyumba ya mchemwali wawo, osati kugombe kopanda anthu kumene bambo uja ankalozera. Shuga ndi sopo zija zinaperekedwa pamenepo. Bambo uja anandinong'oneza kuti malowo ali pafupi kwambiri ndi nyumba. Ndinamuuza kuti atipatsa malo abwino koposa onse: chilichonse chikasowa pamenepo ndi mlandu wa amfumu, ndipo mudzi wonse ukudziwa zimenezo. Kugombe kuja tikanakhala anthu osadziwika ogona patchire, ndipo munthu wotero kwathu kuno amamuganizira zambiri.

Panalinso nkhani ya chimbudzi, imene alendo ambiri amachita nayo manyazi. M'chipululu iwo amakumba kadzenje kutali n'kukwirira. Pachilumba pamene paliponse ndi munda wa wina kapena njira ya kumadzi, zimenezo ndi chipongwe, komanso ndi matenda. Tinapempha chimbudzi cha pakhomopo, ndipo ndinachiika pa ndalama zolipira.

Lachinayi tinakwera phiri la pachilumbapo kusanatenthe. Pobwerera tinapeza masamba aawisi atayalidwa panjira. Alendo anga akanangowadumpha. Ndinawaimitsa, tinavula zipewa, tinapatuka kukakhala pansi ndi azibambo, mayi uja anapita kwa amayi anzake. Tinapereka chipepeso chathu kwa adzukulu, tinakhala pang'ono, n'kutsanzika. Pulogalamu ya m'mawa inafera pomwepo. Koma madzulo ake anthu amene dzulo lake ankangotiyang'anira patali anayamba kubwera kudzapereka moni, wina anabweretsa makumba owamba, wina anadzipereka kutiperekeza kwa asodzi.

Masana tinapita kukaona zimbowera, timisasa tomwe asodzi amamanga pa udzu woyandama n'kumakhala momwemo milungu ingapo, akuphika ndi kuwamba nsomba pamadzi. Pamenepo m'pamene alendo anga anamvetsa chifukwa chimene ndinaumirira kuti tinyamule madzi akumwa kuchokera ku Zomba pamene tikupita kunyanja. Madzi a Chilwa ndi amcherechere, makamaka nyengo ino pamene akuchepa, ndipo amene amakhala pazimbowera amamwa omwewo, kusamba momwemo, kudzithandiza momwemo. N'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kuno. Likodzo nalo lilipo, choncho kusambira ndinaletseratu ngakhale kunkatentha chotani. Bambo uja anali ndi sefa yake yodula imene ankainyadira, koma atapopa kangapo inatsekeka ndi matope.

Pa nkhani ya madzi ndiwayamikire. Anthu oyenda m'chipululu amawerenga madzi ngati ndalama. Iwo ankaika malita asanu pa munthu pa tsiku akumwa okha, ophikira padera, ndipo madzulo aliwonse mayi uja ankalemba otsala pachigubu. Mbale ankayamba wazipukuta asanazitsuke. Asananyamuke ku Zomba anatumizira mwana wawo uthenga wonena komwe akupita ndi tsiku lobwerera. Zinyalala zonse, ngakhale kachivindikiro ka botolo, ankaika m'thumba n'kubwerera nazo. Ndikaganiza mmene pa Williams Falls pamaonekera Lolemba lililonse anthu athu akachoka kopikiniki, mabotolo ndi majumbo mpaka m'madzi, ndimaona kuti pali zoti titengereko. Anzanga ena pantchitoyi amaona ngati kutolera zinyalala za alendo n'kudzitsitsa, ine ndimatolera.

Usiku kunalibe bata limene ankalifuna. Udzudzu unkalira kunja kwa neti, achule osaleka, nyimbo za pasiwa zinkamveka mpaka mbandakucha, ndipo tambala wa pakhomopo anali ndi wotchi yakeyake. M'mawa ana anali atakhala mzere poteropo kudikira kuti aone mzungu akutuluka m'chinsalu. Ndinawathamangitsa kawiri, kachitatu anachita kuwabalalitsa ndi gogo wa pakhomopo ndi mawu amodzi.

Lachisanu tinafulumira kuwoloka mphepo isanadzuke, chifukwa nyanja yosaya ikavunduka mafunde ake amakhala afupiafupi ndipo bwato limamwa madzi. Bambo uja anafika ku Kachulu mutu ukuwawa, milomo itauma, atakana chipewa tsiku lonse ladzulo lake. Ndinamusungunulira Thanzi, ndinamugoneka pamthunzi, mkazi wake ndiye anayendetsa pobwerera. Ndinawauza kuti thupi likangotentha m'masiku akubwerawa asaganize za dzuwa, akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo akauze adokotala kuti anagona ku Chilwa. Galimoto tinaipeza bwinobwino, woigonera uja ataitsukanso osapemphedwa, zomwe zinatanthauza kuti ndiwonjezerepo kenakake.

Loweruka linali la mawerengero. Anthu amaona ngati gaidi amadya yekha ndalama ya azungu, koma pepala langa la sabatayi lili ndi mwini bwato ndi mnyamata wake, wogonera galimoto, mayi amene anatiphikira, mwini chimbudzi, wotiperekeza kwa asodzi, chipepeso chija, ndi mnyamata wanga wonyamula katundu. Ena ndinawalipira pamanja, ena pa Mpamba. Bambo uja ataona pepalalo anati ku Botswana sabata yathunthu analipira anthu awiri okha. Anafunsa ngati zina sizikanachotsedwa. Ndinamupatsa cholembera kuti afufute yekha dzina limene akuona kuti silinagwire ntchito. Analiyang'ana pepalalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kundibwezera cholembera.

Ananyamuka masana kulowera ku Mulanje kudzera msewu wa Jali ndi Phalombe, akuti akakwere Sapitwa asanalowe ku Mozambique. Ndinaimbira mnzanga wa ku Likhubula kuti awalandire, ndipo ndinamuchenjeza kuti bamboyo akakanenso chipewa asamumvere. Tenti yanga yabwerako ndi fungo la utsi wa nsomba, ndipo alendo ena akufika Lachiwiri, choncho mawa ikhala pachingwe tsiku lonse.