Msonkho pa Ndalama Zosamukira za Asilikali ku America

Mu phunziro la zamisonkho sabata ino ndakhala ndikuwerenga za ndalama zimene msilikali wa ku America amalandira akalamulidwa kusamukira kumalo ena a ntchito, ndipo funso limene landitengera nthawi ndi lakuti boma la chigawo, monga Virginia kapena California, limadulapo chiyani pa ndalamazo.

Zigawo zambiri zimayambira kuwerengera msonkho wawo pa ndalama zimene munthu walemba pa fomu ya boma lalikulu, choncho chimene boma lalikulu lachisiya, kawirikawiri chigawo nacho chimachisiya. Lamulo la 2017 lotchedwa Tax Cuts and Jobs Act lidaletsa anthu wamba kuchotsera ndalama zosamukira powerengera msonkho, koma lidausiya mwayiwo kwa asilikali amene akusamuka chifukwa cholamulidwa, ndipo iwo amagwiritsabe ntchito fomu 3903 polemba ndalama zosamukirazo. Alawansi yokhazikikira m'nyumba yatsopano, ya malo ogona ongoyembekezera ndi ya mafuta a pa ulendo sizidulidwa msonkho.

Mbali imene ndaiona kuti ndi yofunika kusamala nayo ndi ya msilikali amene wasankha kunyamula yekha katundu wake. Boma limamulipira molingana ndi kulemera kwa katunduyo komanso kutalika kwa mtunda, koma ndalama imene yatsala atachotsa zolipira lole, mafuta ndi makatoni imawerengedwa ngati phindu, imalembedwa pa fomu yapadera yosonyeza malipiro yotchedwa W-2, ndipo imadulidwa msonkho. Banja limene silinasunge malisiti limadzalipira msonkho ngakhale pa ndalama imene lidagwiritsadi ntchito pa ulendowo, zimene zimandikhudza ndikaganizira asilikali achinyamata a malipiro ochepa amene akusamuka ndi ana.

Kawirikawiri chigawo choyenera kudula msonkhowo si chimene msilikali akugwirako ntchito. Lamulo la Servicemembers Civil Relief Act la 2003 limapereka mphamvuyo kwa chigawo chimene ndi kwawo mwalamulo, chomwe amachilemba pa fomu ya DD 2058. Motero msilikali wa pamadzi amene kwawo ndi Texas, komwe kulibe msonkho wa chigawo pa malipiro, akatumizidwa ku Norfolk, mzinda wa m'chigawo cha Virginia, boma la Virginia silingakhudze malipiro ake a usilikali, pamene mnzake wosakwatira amene kwawo ndi Virginia amakhalabe pansi pa malamulo a msonkho a Virginia ngakhale atatumizidwa ku Texas. Kuyambira mu 2009, lamulo linanso lidapereka chitetezo chofananako kwa akazi ndi amuna a asilikali, kuti kutsatira mnzawo wa m'banja kumene watumizidwa kusawasinthire chigawo chimene amakhomako msonkho.