Utawaleza wa pa mazenera ndi ulendo wa Tony Hudgell

Sukulu za ku Britain zitatsekedwa pa 20 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana anabindikira m'nyumba osadziwa kuti adzaonananso liti ndi anzawo. Posakhalitsa mazenera a nyumba zambiri anadzaza ndi zithunzi za utawaleza zomwe anawo ankajambula, ndipo m'munsi mwake ankalembamo mawu othokoza NHS, bungwe la boma lomwe limayendetsa zipatala m'dzikomo. Zinali zojambula za ana zenizeni: mitundu yolowana, zilembo zina zotembenuka, pepala lomatidwa mokhota pagalasi. Kuyambira pa 26 March, Lachinayi lililonse 8 koloko madzulo, mabanja ankatuluka pakhomo kukawombera m'manja ogwira ntchito zachipatala, ana akumenya mapoto ndi masupuni, ndipo zimenezi zinachitika kwa milungu 10.

Ena ankanena kuti kuwomba m'manja sikugula zovala zodzitetezera komanso sikukweza malipiro a namwino. Ndikugwirizana nawo ngati akunena za akuluakulu omwe anali ndi mphamvu zokonza zinthu, koma mawu amenewo sakukhudza ana. Mwana alibe thumba la boma, ndipo anapereka chomwe anali nacho. Tisaiwale kuti anamwino ena anasamuka m'nyumba zawo kukagona kumahotela poopa kupatsira mabanja awo matendawa. Munthu wotere akamaweruka m'mamawa, nkhope ili ndi mizere ya masiki, n'kuona pazenera kuti mwana wa eni akumuthokoza pamene wake sanamunyamule kwa milungu ingapo, sindikukhulupirira kuti ankangodutsa osakhudzidwa. Zimandipweteka ndikakumbukira kuti nthawi yomweyo kwathu ku Malawi anamwino ena ankakanizidwa kukwera minibasi, anthu akuwaopa kuti anyamula kachilombo.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi Tony Hudgell wa ku Kent, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 5. Ali khanda la milungu yochepa chabe, makolo ake omubereka anamuvulaza koopsa, moti pambuyo pake madokotala anamudula miyendo yonse iwiri. Chipatala cha ana cha Evelina ku London ndicho chinapulumutsa moyo wake, ndipo banja la a Hudgell linamutenga n'kumulera ngati mwana wawo. Ataona Captain Tom Moore, gogo wa zaka 99 yemwe ankayenda mozungulira pabwalo la nyumba yake kuti apezere ndalama ogwira ntchito zachipatala, mwanayu ananena kuti nayenso angathe.

M'mwezi wa June 2020 Tony anayenda makilomita 10, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, pa miyendo yochita kupanga imene anali atangoyamba kuiphunzira, atagwira ndodo m'manja monse. Ankafuna kupeza mapaundi 500 okha, koma anthu anapereka ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni. Chimene ndimachiona chachikulu pa nkhaniyi si kuchuluka kwa ndalamazo ayi, koma kuti iye sankathokoza anthu osawadziwa. Ankadziwa manja amene anamusambitsa mabala ndi kumugoneka pabedi, ndipo ndalamazo anazilozetsa ku chipatala chomwecho, pa nthawi imene ogwira ntchito zachipatala m'dziko lonselo anali atatopa ndiponso ali ndi mantha. Pa mndandanda wa olandira ulemu wa chaka chatsopano cha 2024, Tony anapatsidwa mendulo ya British Empire Medal ali ndi zaka 9.