Mabulaketi akugwetsa ana a Fomu 1

Kope la mwana wa Fomu 1 lili patebulo pano, samu yake ndi 2(x + 3) = 14. Iye walemba 2x + 3 = 14, yankho n'kutuluka 5.5. Apa 2 uja wachulukitsa x yekha, 3 n'kumusiya. Nambala ya kunja kwa mabulaketi imachulukitsa chilichonse chili mkati, ndiye pakhale 2x + 6 = 14. Chotsani 6 mbali zonse ziwiri, patsala 2x = 8. Gawani ndi 2, x ndi 4.

Makolo, zongomuuza mwana kuti "nambala ikawoloka kupita mbali ina ya = imasintha chizindikiro" sizithandiza kwenikweni, amangoloweza, mawa waiwala. Muuzeni abwezere yankho lake m'samu yoyamba ija ya mabulaketi. Akaika 5.5 pamalo pa x apeza 17, osati 14, ndipo aona yekha kuti penapake pakhota.